Chofunda Changa cha Zigamba Chinali ndi Diso

Anzanga, zimene nditi ndinenezi si nthano ayi, ndipo wina asati agogowa akuthira mchere poti pakamwa pawo sipatseka. Ee, kulongolola ndimalongolola, mudzi wonse ukudziwa, koma izi zinandichitikira ine mwini wakene, thupi lomwe lino, masanasana, m'nyumba mwanga momwe kuno kumtunda kwa Dedza. Maina sinditchula, chifukwa ena anatsogola ndipo ana awo timagwada nawo benchi imodzi kutchalitchi, koma amene analipo tsiku limenelo akangomva adzidziwa okha.

Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, bambo a kunyumba atangopuma pa ntchito yawo yoyang'anira mitengo ya paini kuphiri kuja. Iwo kupuma kwake kunali kudimba, m'mawa kudimba, madzulo kudimba, kabichi, anyezi, kachewere, mpaka kumayankhula ndi mbewu ngati akulamula anyamata awo a macheka aja. Ana onse anali atauluka, nyumba ili zii, ndiye ine manja angawa sadziwa kukhala, ndinayamba kusoka zofunda za zigamba. Anatiphunzitsa ndi asisitere ena kumishoni: umatola tizidutswa ta nsalu, kulumikiza kamodzikamodzi mpaka chikhale chinsalu chachikulu, kenako kuseri kwake n'kuphatikako bulangete lakale lija lotha ubweya, basi, chisanu cha Juni chizikulambalala. Tizidutswato ankandisungira telala wina wa pa Linthipe, ndikapita kumsika ankangondininkha thumba, ati tengani mayi, kwa ine n'zinyalala izi. Kodi munthu wopatsidwa amafunsa? Ndinkangothokoza n'kusenza.

Tsono ana a lero mumve. Masiku amenewo kunali nsalu ya chipani, ndipo pansalupo panali nkhope ya mwini dziko, wamkulu uja amene dzina lake sitinkalitchula chisawawa. Nsalu imeneyo sinali yoberekera mwana, sinali yofunditsa dengu popita kuchigayo, ndipo povala umachita kudzizungulira ngati galu wofuna kugona, kuonetsetsa kuti nkhope isagwere pokhalira. Tinkamva za bambo wina amene anakulungira usipa m'nyuzipepala muli chithunzi chake, achinyamata a chipani aja a malaya ofiira n'kumutenga, usipawo mkazi wake anadya yekha, zaka n'kumadutsa. Zoona kapena zabodza, ndani akanapita kukafunsa? Ife tinkangodziwa kuti nkhope ija saseweretsa. Koma matelala ankasoka nayo mabulauzi ndi maduku a amayi ovina, ndipo paliponse posoka pamatsala tizidutswa. Ine maso anali atayamba kuchita nkhungu, komanso zigamba umasokera kuseri, kokongolako kuli pansi. Nanga kachidutswa ka tsaya kakakhala pakokha, ungati ndi munthu? Kamangooneka ngati kansalu kabulauni, kabwino kuika pakati pa kofiira ndi kobiriwira.

Chofunda chimenecho ndinachimaliza sabata yomwe mwana wanga wamkazi, amene ankaphunzitsa sukulu m'tauni, anabwera kudzationa. M'mawa wake kunja kuli nkhungu yoti sungaone nkhokwe yako yomwe, bambo ake atapita kale kudimba, ine ndati mwanawe bwera uone chimene amako akupangira. Ndachitambasula pamphasa pabalaza, ndaima manja m'chiuno kudikira kuyamikiridwa. Mwana uja kuyang'ana, kuyang'ananso, kenako kugwada, ndiye ndi timawu tating'ono ngati ta mwana woba shuga ati amayi, diso ili ndi la ndani? Ine ndati diso liti, limenelo ndi duwa. Ati amayi, duwa limakhala ndi nsidze? Ndinawerama mpaka mphuno kugunda nsalu. Mayo ine! Diso, tong'o, likundiyang'ana. Mwanayo akuloza pena: khutu ili. Pena: theka la mphuno. Kumiyendo, kumene munthu amapalasa ndi zidendene zong'aluka, chibwano ndi kolala ya jekete. Ndipo pakati penipeni, pamene pamafika matako munthu ukadzikulunga, pakamwa, mano mbee, akumwetulira. Ndinali nditamudula mwini dziko nthulinthuli ngati nyama ya paukwati n'kumumwaza m'chofunda.

Mwana wanga anangoti amayi, ntchito yanga yatha, penshoni ya ababa yatha, ndipo inu sitidzakuonaninso. Ndati tiotche. Ati fungo la nsalu yopsa limafika mudzi wonse, ndipo mukuti tiotche nkhope? Ndati tikaponye m'chimbudzi. Anangondiyang'ana, ine ndemwe n'kudzigwira pakamwa. Ndati nanga tisasule, tichotse tizidutswato. Ati miyezi ingati mwasoka chimenechi, ndipo tikachotsa tikatisunga kuti?

Tili kakasi choncho, panja: odiii! Mawu amenewo ndikanawadziwa ngakhale ndili m'tulo, a amayi apampando a chipani m'dera lathu, mayi aatali, a mawu a m'mphuno, oti akakuitana ku gule sunkati mwana akudwala. Tsiku limenelo ankayenda khomo ndi khomo kumema amayi kuti tikakonzekere nyimbo. Ndipo mayi amenewa odi wawo ankaodira mwendo umodzi uli kale m'nyumba. Ine sindinaganize, thupi linaganiza lokha: ndinadzigwetsa pachofunda paja n'kugubuduka nacho ngati mbozi yodzikulunga m'tsamba, zigamba m'kati, bulangete kunja, mutu wokha uli pamtunda. Apampando balamanthu. Ati kodi muno anthu akadagona? Mwana wanga, mphunzitsi wathunthu, wophunzitsa ana a eni kuti bodza ndi tchimo, ati pepani, amayi sanadzuke bwino, litsipa ndi kuzizidwa. Ine pomwepo mmmh, mmmh, kubuula. Mumtima ndikuti anena pepani, adutsa, ife tiona chochita.

Anthu inu, ndinaiwala kuti kwathu kuno matenda sazonda chiimire.

Apampando anavula nsapato, kukhala pamphasa pomwepo, bondo lawo kugunda nthiti zanga, ati za nyimbo zidikire, munthu ndiye wofunika. Dzanja lawo pachipumi panga, ati eee, thukuta lonseli kunja kukuzizira chonchi, malungo aakulu awa. Thukuta lake la mantha! Ati mwanawe, sonkha mbaula uike pafupi, mayi ako akunjenjemera. Mbaula inabwera. Ati tenga bulangete lina uwafunditse pamwamba. Linabwera. Ine m'kati muja ndikupsa ngati mbatata ya m'phulusa, ndipo ndikumva, ndithu ndikumva, diso lija lili panthiti apa, khutu lili pamimba kumvetsera zonse zimene m'mimba mukunena, ndipo pakamwa paja, ndisanene, mukudziwa kale pamene panali. Ndikati ndisunthe kuti ndimupepuzeko wamkuluyo, m'mphepete mwa chofunda mukutseguka, kachigamba kofiira kakusuzumira. Ndiye ndinagwira m'mphepetemo ndi manja onse awiri m'kati, zala gwa, mpaka dzanzi. Apampando ataona kachigambako anakasisita, ati kodi n'chimene mwakhala mukusoka chija, tamva mbiri yake, msoko wabwino bwanji, mukachira mutiphunzitse. Ine mmmh. Mwana wanga anayesa, ati mwina tiwasiye agone pang'ono, tulo n'mankhwala. Ati agone basi, ine ndili pompano, wodwala sasiyidwa yekha, kodi kutauni kwanuko n'zimene mumachita?

Amayi amene ankadikira nyimbo pabwalo ataona kuti apampando sakutuluka anabwera kudzasuzumira, ndipo mukudziwa mmene uthenga umayendera: pochoka pakhomo panga linali litsipa, pofika kuchitsime chinali chibayo, pofika kutsidya kwa dambo ndinali nditasiya kuyankhula. Ine, kusiya kuyankhula! Mwina n'chimene chinawaopsa kwambiri, poti chibadwire palibe anandionapo ndili chete. Nyumba inadzaza. Wina wabwera ndi phala, ati tawadzutsani amweko, ine mutu pukupuku. Wina ndi masamba a bulugamu, ati avule tiwafukize, ine kubuula mokweza mpaka anasiya. Amayi a mphakati wathu, aja timapemphera nawo pamudzi, anagwada kuzungulira mphasa n'kuyamba kolona, ndipo mlamu wanga wina wa mawu ngati nkhuku yoti yangoikira anali atayamba kale kusisima, ati mayi wabwino uyu, ankatipatsa mbewu ya anyezi. Ankatipatsa! Ine ndili moyo ndikumva! Kanyenyeswa ka moto kanathetheka kuchokera pambaula n'kugwera pabulangete, amayi atatu kulumphira pa ine, kuphapha ndi manja, wina ati chotsani zonsezi angapse, mwayi wake mwana wanga anafulumira kuzimitsa ndi chikhatho chake chomwe, osakuwa n'komwe.

Khomo lili apo, ndikuona kuwala, ndikuona nkhuku zanga zikudutsa mwaufulu, koma ine kudzuka ayi, kutembenuka ayi, kukanda pamene pakuyabwa ayi. Ndiye tiyi amene ndinamwa m'mawa uja anayamba kugogoda. Anzanga achizimayi, mukundimva. Kolona imeneyo ndinaipemphera kuposa onse m'nyumbamo, koma chimene ndinkapempha ine chinali china: Amayi Maria, ndigwirireni chikhodzodzochi, chifukwa ndikangomasula pano, mlandu wodula nkhope usanduka waung'ono.

Dzuwa litafika pamutu bambo a kunyumba anatulukira, wina atakawatenga kudimba, matope mpaka m'mawondo, khasu likadali m'manja. Iwo sankadziwa kanthu, ndipo mwana analibe mpata wowanong'oneza, anthu ali thithithi. Anagwada, ati amake mwana, chachitika n'chiyani, si inu m'mawa uno mumandikalipira za nsapato zamatope? Ine ndikuwatsinzinira diso, kutsinzina, kutsinzina, mlamu uja ati taonani, maso ayamba kutembenuka! Kulira kunabuka. Ndiye bambo aja, munthu wabwino koma wonyadira mkazi wake mopitirira, misozi ili lengelenge, anayamba kuuza anthu ndi mawu awo aja a ukapitawo, ati mayi ameneyu wadzipha ndi ntchito, miyezi yonseyi ali weramu pa chofunda chimenechi, ndipo taonani mwamufunditsa chotembenuza, kokongola kuli m'kati, tembenuzani anthu aone ntchito ya manja ake! Dzanja lawo linagwira m'mphepete n'kuyamba kukoka. Anthu inu, ndinakuwa. Sindinakuwepo choncho ngakhale pobereka. Ndipo poti manja anali otanganidwa m'kati, ndinawaluma. Ee, ndinaluma mwamuna wanga wa paukwati woyera, chala chachikulu, mano kulowa, pamaso pa mphakati wonse. Anagwa chagada, kenako wina chapansipansi ati malungo akwera kumutu.

Apo tsono zinthu zinachoka m'manja mwathu. Akatekisi anafika ndi madzi odalitsa, kundiwaza kumaso, kundifunsa mofatsa ngati pali kanthu kamene kakundilemera kuti akaitane ansembe. Kanthu! Ine nditakagonera kanthuko! Apampando anatuma anthu kukabwereka ngolo kuti andinyamule kupita kuchipatala, ati tikafika kumeneko anamwino akawavula zonsezi akawapime bwinobwino. Mwana wanga atamva mawu oti akawavula anatsamira khoma, nkhope ngati phulusa. Ndinamuyang'ana, iye kundiyang'ana. Ndinaganiza zongodzambatuka n'kuthawa nacho chofundacho kulowera kuphiri, koma pakhomo panali pataima achinyamata awiri a malaya ofiira, obwera kudzathandiza kunyamula wodwala, ana oti ndinawaona akuyamwa, koma akavala malaya amenewo sankakhalanso ana a munthu. Kenako apampando anaimirira, kuwomba m'manja, ati abambo nonse panja, amayi nanunso panja, munthu sapita kuchipatala ali chinyowere chonchi, ndiwapukute ndiwasinthe nsalu. Mwana wanga ati ndichita ndine, musavutike. Ati iwe ndiwe mwana, sungaone thupi la mayi ako ife akuluakulu tilipo, tuluka. Mwambo umenewo ndi woona, nanga akanatsutsa bwanji? Chitseko chinatsekedwa. Tinatsala awiri.

Anakoka beseni la madzi, kugwada, kuchotsa bulangete lapamwamba lija. Ati tsegulani manja, anzanga. Ine gwa. Ati tsegulani, ndine mkazi mnzanu, n'chiyani chimene sindinachione? Ndati apampando, ndisiyeni ndife nacho chonchi. Atamva ndikuyankhula bwinobwino, mawu a munthu wamoyo, anaima kaye n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kumasula zala zanga chimodzichimodzi, ndipo ine mphamvu zinali zitatha. Chofunda chinatseguka. Choyamba kutulukira linali diso lija, lonyowa ndi thukuta langa ngati likulira.

Sindidzaiwala. Mayi aja sanakuwe, sanatukwane. Anangokhala pansi phi, ngati wina wawamenya ndi chibonga kumsana. Maso awo akuyenda, khutu, mphuno, chibwano, kenako ati tasunthani pamenepo. Ndinasuntha. Ataona pamene panali pakamwa anatsinzina n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Panja kolona ikupitirira. Ine ndayamba kulongolola monong'ona, za telala, za maso anga, kuti sindinadziwe, mwana wanga alibe mlandu, bambo ake alibe mlandu, tengani ine ndekha. Ati khalani chete! Ndiye mawu a m'mphuno aja atathawa, patatsala mawu ena amene sindinawamvepo, ati mwandipha, mayi inu mwandipha. Ndakhala pamphasa pano kuyambira m'mawa, ndachisisita chinthu chimenechi, ndachiyamikira anthu akumva, ndani akakhulupirire kuti sindinkadziwa? Ndipo ndikapita kukanena, ndikanene kuti chiyani? Akandifunsa kuti pakamwa pa wamkulu munapapeza pati, ine ndikatsegule pakamwa pangapa n'kutchula malo ake, akuluakulu ali ndandanda kumvetsera? Munthu wotchula mawu amenewo amabwerako?

Pakhonde mlamu wanga ankasisimabe. Kenako apampando ati singano ili kuti? Ndinaloza kachitini pawindo. Tinachipinda chofunda chija pakati, zigamba kuyang'anizana m'kati, bulangete kunja konsekonse, n'kuyamba kusoka m'mphepete, iwo uko ine kuno, misoko ikuluikulu ngati tikutseka thumba la chimanga. Apampando ankangophonya kabowo ka singano moti ulusi ndinawalowetsera ndine, ine wa maso a nkhungu. Wina akagogoda ankabweza mawu a m'mphuno aja, ati dikirani, kodi simunaonepo munthu akusambitsidwa? Ndipo chapansipansi kwa ine: buulani inu, buulani! Ine mmmh, mmmh, singano ikuyenda. Titamaliza chinasanduka kamatiresi kakang'ono kokhuthala, kopanda diso, kopanda khutu. Ndiye ndati apampando, pali kanthu kena, ndikapanda kutaya madzi pompano ndiphulika. Anandikankhira beseni lija n'kutembenukira kukhoma, ndipo mapewa awo ankagwedezeka, kaya kunali kuseka kaya kulira, mpaka lero sindidziwa.

Mukuganiza zinathera pomwepo? Bodza ukalisenza umayenera kukalitula kumene likupita. Anandinyamula achinyamata aja, kundigoneka m'ngolo pa kamatiresi komweko, apampando atakhala pambali atakapanikiza ndi ntchafu, msewu wonse wamabampu mpaka kuchipatala, amayi a mphakati akuimba pambuyo ngati akuperekeza maliro. Kumeneko anandibaya jakisoni wa malungo amene ndinalibe, thako kutupa, ndipo bambo a kunyumba anawamanga chala pa chipatala chomwecho. Iwowo tinawauza zoona patapita masiku, tili pakati pa dimba, kopanda khoma lomvera. Anangokhala pansi pomwe anaimapo, pamwamba pa kabichi wawo amene ankamukonda uja, n'kumuphwanya osazindikira.

Koma kutsekeredwa kwenikweni kunayamba nditachira. Apampando sanaitchulepo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Tikakumana kuchigayo ankangoti mwadzuka bwanji anzanga, kuzizidwa kuja kunatha? Ine kunatha, apampando. Basi. Koma kodi funso limenelo linali moni, kapena kundikumbutsa? Ndinkabwerera kunyumba ufa uli pamutu ndikulitembenuza uku ndi uku. Kuyambira pamenepo gule aliyense wa chipani ine ndinali kutsogolo, mvula, dzuwa, mawondo akulira, ndikuvina ngati mtsikana, chifukwa ndinkati ndikangojomba tsiku limodzi akumbuka. Kabichi woyamba kudimba ankapita kwawo. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu, ine khasu pansi. Nawonso ndinkawaona, ndikalowa pagulu maso awo ankandithawa, ndipo mwana wawo akukwatiwa anandiika ine kutsogolera ophika, ine amene sitinali pachibale, abale awo mpaka kung'ung'udza. Tinakhala choncho zaka, aliyense atagwira chingwe cha pakhosi pa mnzake, tikupatsana moni mwaulemu. Kamatiresi kaja sindikanatha kukataya, kukaotcha, kapena kugonekapo mlendo; kankakhala kunsi kwa bedi, ndipo posesa tsache linkakalambalala. Zipani zambiri zitabwera mwana wanga anati tikasasule tione, ine ndinakana, ndati sindikufuna kuonananso naye. Anakatenga yekha kupita nako kutauni, ndipo sindinafunsepo chimene anachita nako.

Apampando anamwalira tisanakambirane. Pa maliro awo anthu ankanong'onezana za amene anaperekedwa masiku amenewo, ndipo n'zoona, alipo mabanja amene analira chifukwa cha mayi amenewo, ine sindingawayeretse. Koma ndinakhala pasiwa paja ndikudzifunsa kuti kodi ineyo anandisiya chifukwa cha chifundo kapena chifukwa cha mantha? Kale ndinkati mantha basi, anadzipulumutsa okha, ine ndinangokwera nawo. Lero ndikukhulupirira kuti masiku amenewo chifundo ndi mantha zinkagona mphasa imodzi, moti ngakhale eni akewo akanati afunsidwe sakanatha kunena kuti chinawagwiritsa singano n'chiti. Ndipo ndikukhulupirira kuti aja tinkawaopa aja, a mawu aakulu aja, nawonso ankagona khutu lili kuchitseko.

Tsono anzanga osoka, kachigamba kalikonse kaoneni mbali zonse, panja, powala, musanalowetse singano, ndipo ngati maso atha itanani wina. Komanso musamanamizire matenda pamudzi, anthu a kuno amakonda munthu moopsa. Koma chachikulu ndikuuza inu amene mumakhala pagolosale n'kumati nthawi imene ija inali yabwino poti kunali bata. Bata ndikulidziwa ine. Wina akanasuzumira pawindo tsiku limenelo akanati mayiyu ali ndi mwayi, wafunda bwino, moto uli pafupi, mudzi wonse ukumusamala. Tsiku limene mudzaone nsalu ikuopedwa kuposa munthu amene waifunda, dziwani kuti zayambiranso, ndipo mudzakuwe pakamwa pakadali panu.